Mapeto Amene a Kamwendo Sanawaone

Uthenga unandipeza masana ndili pageti la hotela imene ndimalondera: a Kamwendo atisiya, kwawo ku Balaka. Anautumiza ndi mwana wawo wamkazi ndipo unali waufupi. Anadwala pang'ono, anapita nawo kuchipatala, sanabwereko. Ndinauwerenga, kenako ndinatsegulira galimoto ina geti, pajatu kuno ku Doha maliro akumudzi saimitsa ntchito. Chimene chinayamba kundibwerera m'mutu sichinali nkhope yawo ayi. Ndinangoti mumtima, ndiye kuti madala aja apita osaona mapeto a mpikisano wawo.

Amene sanawadziwe akhoza kuseka. Munthu wamkulu, imvi mbuu, woyendetsa basi ya ogwira ntchito m'mahotela, koma mtima wonse uli pa mpikisano wa magalimoto umene umachitika ku France kamodzi pachaka, mwezi wa Juni. Umayamba Loweruka n'kutha Lamulungu, usana ndi usiku osaima. Galimoto imodzi amayendetsa anthu atatu mosinthana, ndipo yopambana ndi imene yayenda mtunda wautali nthawi ikamakwana. Vuto linali lakuti kuno tsiku lopuma ndi Lachisanu, Lamulungu ndi la ntchito ngati Lolemba lakwathu. Nthawi imene mpikisanowo umatha ndi yomweyo imene a Kamwendo ankakhala pachiwongolero, kutenga anthu oweruka ku Onaiza kubwerera nawo ku Al Thumama. Zaka zonse zimene anakhala kuno ankaupeza utayamba kale n'kuusiya usanathe. Sankadandaula mokweza, koma chaka chilichonse Lamulungu limenelo ankavala yunifolomu mochedwa, maso ali pa kanema, mpaka wina awakumbutse kuti basi ikudikira.

Tinkakhala m'nyumba imodzi yaikulu ku Al Thumama, imene kampani inaidula zipindazipinda ndi mapulanga. Amalawi tinalipo angapo, ena anali a ku Nepal, Kenya ndi Uganda. Kanema anali mmodzi, pabalaza, ndipo lamulo lake linali losavuta: amene wakhala pampando wapulasitiki wakutsogolo ndiye mwini rimoti, akadzuka osasiyapo munthu ndiye kuti tchanelo chapita. Lachisanu masana, mpira ukakhala kulibe, mpandowo unkakhala wa Limbani, dalaivala wa ku Area 25 amene ankasinthana basi ndi a Kamwendo. Iye ankatiikira mpikisano wa ku America, uja magalimoto ooneka ngati wamba amangozungulira bwalo limodzi atathithikana ngati mbuzi pachipata.

Ndinene zoona, umenewo unali wokoma. Bwalo lonse umaliona nthawi imodzi. Amene ali kutsogolo ndiye akutsogoladi. Dalaivala ndi mmodzi, nambala yake yalembedwa chikulukulu pachitseko, ukamusankha wamusankha, ukamuda wamuda. Amagundana, amatukwanana, wina amazungulira ngati nguli utsi uli tolo, ndipo zonse zimatha tiyi asanakutsuke m'kamwa. Ngakhale mnzathu wa ku Nepal amene sankamva Chingelezi ankadziwa poimirira ndi pokuwa. Munthu amene wagwira ntchito sabata yonse padzuwa la kuno safuna chinthu chomufunsa mafunso.

Wa a Kamwendo unali wofunsa mafunso. Tinkautcha mchezo wa a Kamwendo, ndipo Limbani sankawanyengerera.

“Madala, wanuwo si mpikisano,” ankatero. “Ndalowa kubafa, ndatuluka, akutsogola ndi yemwe uja. Ndapita kudyuti, ndabwerako, yemwe ujabe. Ndiye ndichemerere chiyani?”

“Si yemwe uja, mphwanga. Galimoto ndi yomweyo, koma munthu asintha kale.”

“Ndiye vuto lakelo. Ndimukonde ndani? Ndikamamuzolowera uyu, mwamutulutsa, mwalowetsa wina.”

Apa Limbani sankanama. Msewu wake ndi wautali, umalowa m'nkhalango, kamera imakuonetsa galimoto imodzi yokhayokha ikudutsa mitengo. Komanso amathamangitsa mitundu yosiyana pamsewu umodzi, ena aliwiro, ena ochedwerapo, gulu lililonse ndi wopambana wake. Ndiye umaona galimoto ikupitirira inzake, iwe n'kuimirira kuti zachitika, a Kamwendo n'kukukoka malaya kuti khalani pansi, awo sakupikisana. Pamene iwo akuti zachitika, iwe sukuona kanthu, amakaniko angosintha matayala mwachangu pang'ono kuposa anzawo. Ine ndinawauzapo kuti mpikisano wofuna mphunzitsi pambali sungadzaze chipinda. Anavomera. Ankati wa Limbani anaupangira woonera, wawowo anaupangira woyendetsa, ndipo padziko oonera ndiwo ambiri. Sankakwiya nazo. Chinkawapweteka chinali kuonera okha.

Lachisanu lina madzulo tinapita kokayenda ku Corniche. Tinakhala pakhoma la m'mbali mwa nyanja, aliyense ndi kakapu ka karaki, tiyi wamkaka wakuno uja, ndipo iwo m'malo moyang'ana madzi ngati anthu onse anatembenukira kumsewu.

“A Phiri, taonani,” anandiuza. “Iyo yoyerayo, ya mwini dziko, ikuthwanimitsa nyale kumbuyo kwa basi. Akupikisana?”

“Ayi.”

“Koma msewu ndi umodzi. Wa basiyo akapatuka mochedwa, ngozi. Akapatuka mwamantha, ngozinso. Ayenera kuyang'ana pagalasi tsiku lonse, kupereka njira osataya liwiro lake, anthu ake n'kufika. Ndiye mpikisano wanga umenewo. Inu mumauona tsiku ndi tsiku, kungoti mukauona pakanema mumayasamula.”

Ndinaseka, koma kuyambira tsikulo ndikaona basi ikupatukira galimoto ya bwana ndimawakumbukira.

Chikondi chimenechi anachitola panjira. Asanabwere kuno anayendetsa mathiraki zaka zambiri, Blantyre mpaka Beira, nthawi zina mpaka Durban, awiriawiri, wina pachiwongolero wina atagona kumbuyo. Mpikisanowo anayamba kuuona m'kanyumba kodyera pamalire ena akudikira mapepala. Anaona dalaivala akutuluka m'galimoto ali wefuwefu, n'kutembenuka kumanga mnzake malamba asanapite kukapuma, ndipo anati apo anazindikira kuti anthu amenewa ndi a ntchito yawo. Ankati munthu sunamukhulupirire mpaka utagona tulo iye akuyendetsa. Ankatinso liwiro aliyense ali nalo, chosowa ndi munthu wobweza galimoto kwa mnzake ili ndi moyo.

Basi yawo ankaisamala choncho. Wina akaponda buleki mwamphamvu ankatsinzina ngati wawaponda chala. Madzulo alionse ankaisesa, n'kubwezera mpando kumbuyo chifukwa Limbani, amene ankaitenga m'mamawa, ndi wamtali. Kenako ankamufunafuna mpaka amupeze, ngakhale ali kubafa, kuti amuuze kudzera pachitseko zimene basi yanena tsikulo: giya yachitatu ikulimba, tayala lakumanzere likukoka. Limbani ankaibweza wailesi ili pamwamba, makapu a karaki ali pansi pa mpando, mabuleki akununkha. Anakanganapo kwambiri chifukwa cha mabulekiwo, mpaka anasiya kulankhulana kwa kanthawi. Amene ndinavutika ndine, chifukwa a Kamwendo sakanatha kugona osapereka uthenga wa basi. Ankabwera kwa ine, Limbani ali pomwepo akudya, n'kunena kuti, “A Phiri, mumuuze mnzanuyo kuti madzi a injini achepa.” Ine n'kutembenuka kumuuza Limbani, iye n'kuyankha kuti, “Muwauze kuti ndamva.” Anayanjana okha, tsiku limene onse awiri anaiwala kuti sakulankhulana.

Anali ndi zovuta zawo, ndisawayeretse. Anali wamakani, ndipo akayamba kufotokoza za matayala a mvula sankaona kuti anthu akutuluka mmodzimmodzi. Koma munthu watsopano akafika kuchokera kumudzi, ndi iwo amene ankamukhazika pampando wakutsogolo wa basi n'kumamutchulira misewu, kumuuza koyenera kuvula chipewa ndi koyenera kutseka pakamwa. Ine anandichitira zomwezo.

Chaka chawo chomaliza, kampani inawauza kuti kontirakiti saiwonjezeranso chifukwa cha msinkhu. Anangoti mayi a kunyumba ayendetsa okha nthawi yaitali, ndi bwino akawalandire. Koma tonse tinadziwa tanthauzo lake: Juni amene ankabwerayo anali womaliza. Kumudzi kwawo kunalibe magetsi, ndipo panalibe woti angakaike tchanelo cha magalimoto pamalo oonetsera mpira a pa Balaka anthu osamuthamangitsa.

Amene anapita kwa mudiri, bwana woyang'anira mabasi, anali Limbani, osauza munthu. Anabwerako n'kuima pakhomo la pabalaza manja ali m'thumba.

“Madala, Lamulungu la mchezo wanu shifiti yamadzulo nditenga ine. Mudiri wavomera. Khalasi, yatha imeneyo.”

“Iwe uyendetsa kuyambira m'mamawa?”

“Ndiye bwanji? Ndine mwana ine. Inu mukhale pampandopo muone mapeto anuwo, mwina tingapume.”

Chaka chimenecho mwezi wa Ramadani unagwera mu Juni, pamene dzuwa la kuno limaotcha ngati chiwaya, ndipo masana munthu sumwa madzi poyera ngakhale usali Msilamu. A Kamwendo anatchula zimenezo. Limbani anati adzamwera mobisa kuseri kwa mpando, asade nkhawa.

Panatsala nkhani ya mpando wapulasitiki. Loweruka madzulo mpikisano ukamayamba iwo akanakhala ali pamsewu, ndipo usiku ankafunika kugonako pang'ono. Mpando ukanangokhala wopanda munthu, anyamata a mpira akanalanda rimoti. Ndiye anatigawa ngati madalaivala awo aja, wina akhale, wina adzamulandire, ndipo wotuluka asachoke asanamuuze wolowa mmene zinthu zilili. Tinavomera chifukwa cha ulemu, osati chifukwa cha mpikisano. Ine ndinali woyamba, ndipo mwayi wanga, ku France kunkagwa mvula yamphamvu. Magalimoto onse ankayenda pang'onopang'ono pamzere ngati akuperekeza mkwati. Anthu ankasuzumira pakhomo, kuseka, n'kumapita.

Koma kusinthanako kunachita kanthu kena. Munthu ukadziwa kuti wina adzakufunsa, umayamba kuyang'anitsitsa. A Kamwendo anatisankhira galimoto ya kampani ina ya ku Japan imene inayesa zaka zambiri osapambanapo. Ankati ndi yachibale ndi basi yawo. Pofika Lamulungu m'mawa mnzathu wa ku Nepal uja ankafotokoza ndi manja kuti yathu yadutsa, ya ku Germany imene inkalimbana nayo yalowa m'galaja. Mlonda wina wa ku Uganda, amene anabwera kudzadikira rimoti, anayamba kufunsa kuti mafuta atsala ochuluka bwanji. Yathu ija inali patsogolo.

Masana a Lamulungu a Kamwendo anali pampando atasamba, atavala malaya awo a kutchalitchi. Sindinawaonepo osangalala chotero. Sankalankhula zambiri, ankangosisita mawondo n'kumayang'ana m'chipindamo, kuona kuti muli anthu. Mpikisano utatsala pang'ono kutha anatulutsa foni kuti amve za basi. Ndinali pafupi, ndinamva zonse.

“Limbani, ikuyenda bwanji?”

“Ili bwino, madala. Ili bwino.”

“Uli pati?”

Limbani anatchula malo ena, n'kusintha kutchula ena, n'kubwereza kuti ili bwino. Mawu ake ankatuluka olemera ngati a munthu wodzutsidwa kutulo.

“Waima?”

“Ndaima pageti la antchito. Akutuluka pompano.”

“Usalize injini. Wandimva? Ukhale pomwepo.”

Anadula foni n'kuimirira. Tinayesa kuwaletsa. Wina anati tiimbire mudiri atumize dalaivala wina, iwo anati mudiri akamva kuti Limbani walephera shifiti imene anaipempha yekha, chaka chamawa mnyamatayo akhala kwawo. Ine ndinati mwina angomwa madzi n'kupuma pang'ono, zitheka. Anandiyang'ana ngati ndalankhula zachibwana. Anati basiyo imadzaza anthu, ndipo munthu amene sakudziwa pamene waima sangawadutsitse pamsewu wa madzulo. Analowa kuchipinda, anatuluka atavala yunifolomu, akumanga mabatani. Pakanema galimoto yathu inali ikutsogolabe, ikuyenda bwinobwino. Anaiyang'ana kamodzi.

“A Phiri, khalani apa. Muone bwinobwino, musaphethire.”

Anatuluka kukaimitsa takisi.

Ndinakhala pampando uja mtima ukundiwawa. Chipinda chinadzaza, pakuti oweruka m'mawa anali atadzuka. Ku France amakaniko a galimoto yathu anali ataimirira kale m'galaja, ena akugwirana mapewa. Ndiye kutatsala kuzungulira kamodzi kokha, galimoto ija inayamba kuchepa liwiro. Tinaganiza kuti dalaivala akusewera ndi anthu. Inapitiriza kufooka, inafika kutsogolo kwa magalaja, pamaso pa anthu onse, n'kuima. Ya ku Germany inadutsa. Usana wonse ndi usiku wonse, n'kudzaima pakhomo.

Wa ku Uganda uja anali atagwira kumutu. Tinazolowera kuona magalimoto akugundana Lachisanu lililonse n'kumaseka, koma iyi sinagunde kanthu, inangoima, ndipo inatipweteka kuposa zonsezo. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chakuti tinali titaidikirira. Wongolowa nthawi yomweyo akanaona galimoto yowonongeka basi.

Basi inafika dzuwa litalowa. Anthu anatsika, ndipo kumpando wakumbuyo kunali Limbani ali m'tulo, thaulo lonyowa lili pamutu. A Kamwendo anayamba asesa, anayendera matayala, kenako n'kubwera pabalaza. Wina anawapatsa foni kuti aone, pakuti kachidutswa ka mapetowo kanali katafalikira kale. Anaikankha pang'onopang'ono. Anati zoonera pafoni zotsatira ukuzidziwa kale ndi za anthu ena, iwo akufuna amve kwa ife amene tinalipo. Tinawafotokozera molandizana, Chichewa, Chingelezi, manja. Anamvetsera atatsinzina. Titamaliza sanafunse za wopambana.

“Nanga anzake a dalaivalayo awiri aja, amene anamupatsa galimotoyo, anawaonetsa?”

Ndinati anawaonetsa, anali m'galaja, wina atakhala pansi.

“Atabwera mnzawoyo anamulandira?”

Ndinati anamukumbatira. Anagwedeza mutu ngati ndiye nkhani yonse imeneyo.

Limbani analowa akudzikoka, maso ofiira. Anaima patsogolo pawo n'kunena motsitsa kuti, “Madala, pepani. Ndakulandani.” A Kamwendo anamukokera pabenchi.

“Lero wandipatsa basi yabwino,” anatero. “Mabuleki ozizira, giya yofewa. Wayendetsa tsiku lonse osaipweteka. Wamwa madzi?”

Limbani anabisa nkhope m'thaulo muja, ndipo ife tinapeza zochita kunja.

Miyezi imene inawatsalira ankatiuza kuti tibwerezenso nkhaniyo, aliyense payekha, ndipo akapeza kuti awiri tasiyana pena ankatikhazika pamodzi kuti tigwirizane. Anapita kwawo chaka chisanathe. Ndingakonde kunena kuti anatisiya titasanduka okonda mpikisano wawo, koma kungakhale kunama. Juni wotsatira tinayesa kusinthana pampando, anthu anachepa, ndipo pofika Lamulungu m'mawa pakanema panali mpira. Popanda munthu wokufunsa kuti waona chiyani, maso amatopa. Limbani anabwerera ku wa ku America wake, ndipo mpaka pano amati ndiwo mpikisano weniweni. Galimoto ya ku Japan ija itadzapambana patapita zaka, tinamva mochedwa, ndipo titawaimbira a Kamwendo anali kudimba, foni anayankha mayi.

Tsiku la uthenga lija nditaweruka ndinamupeza Limbani pabwalo akutseka mawindo a basi. Ndinamuuza. Anangokhala pa sitepe ya basiyo nthawi yaitali, makiyi ali m'manja. Kenako tinalowa m'nyumba.

Bedi la a Kamwendo linali lapansi, pafupi ndi chitseko, chifukwa ankati munthu wamkulu asamadumphe anzake podzuka. Amene anagonapo pambuyo pawo anasamukira ku kampani ina, ndipo tsopano timaikapo masutikesi. Pakhoma patsala msomali umene ankakolekapo yunifolomu. Ambiri okhala m'nyumba muno ndi atsopano, dzina la Kamwendo salidziwa. Juni ali pafupi. Ku France magalimoto adzathamanga usana ndi usiku mpaka adzafike kumapeto, ndipo muno mulibe amene adzalowe madzulo, fumbi lili m'nsapato, n'kutifunsa kuti zatha bwanji.